Kuonda kwa msanga: nanga mtima wanu mwaufunsa?

Kitchen party yatsala masabata atatu, koma zipi ya diresi imene telala wa ku Mtendere anasoka yakana kukwera. Mwatsegula foni, pa WhatsApp mwapeza ka tiyi na mapilisi olonjeza kuphwetsa mimba sabata imodzi chabe. Ba sisi, musanatumize ndalama, khalani pansi timvane.

Mtima wanu uli na mavalavu anayi, tuzitseko totseguka na kutseka kuti magazi aziyenda njira imodzi. Mankhwala ena ochepetsa njala amalimbitsa tuzitseko utu mpaka tuleka kutseka bwino. Magazi ayamba kubwerera, mtima ugwira nchito kawiri, kenaka ulema.

Si nkhani ya mu minibasi iyi. Mu 1997 madokotala a Mayo Clinic ku America anapeza azimayi 24 amene mavalavu awo anaonongeka atamwa fen-phen, msakanizo wa fenfluramine na phentermine. Chaka chomwecho, mu September, fenfluramine inachotsedwa pa msika. Ku France kunali Mediator, mankhwala a shuga amene ambiri anali kumwa kuti aonde. Dokotala Irène Frachon anaona odwala ake akuvutika na mavalavu, analimbana nayo nkhaniyi mpaka mankhwala analetsedwa mu 2009. Akatswiri anayerekezera kuti anafa ndi anthu osachepera 500, ndipo mu 2021 khoti ya ku Paris inapeza kampani ya Servier na mlandu.

Manje muzakamba kuti, “Ine ndikumwa herbal chabe.” Apo ndiye pali vuto. M'maiko ambiri, oyeza mankhwala akhala akupeza fenfluramine na sibutramine zobisidwa mu tiyi, khofi na makapisozi olembedwa kuti ndi zitsamba. Sibutramine inaletsedwa ku Ulaya na ku America mu 2010 chifukwa inali kuonjezera ngozi ya sitiroko na matenda a mtima. Wogulitsa pa Facebook nayenso sadziwa zili m'kati, kaili anagula chabe katoni kuti apezeko ya unga.

Kuno kwathu kuli chinanso. Zilonda za pakhosi zimene sizinachiritsidwe paubwana zimaononga mavalavu mwakachetechete, ndipo ena amakula osadziwa. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, piritsi yosadziwika ingamalize zimene matenda anayamba.

Mvetserani thupi lanu. Kodi mupuma movutika mukanyamula chigubu cha madzi chimene kale munali kuthamanga nacho? Mapazi atupa madzulo? Mtima ugunda maningi muli khale? Usiku mufuna mapilo awiri kapena atatu kuti mupume? Lekani kumwa, tengani paketi yake mupite nayo ku kiliniki ya George kapena Kalingalinga, kaya ku chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama. Osachita manyazi, auzeni anesi zonse. Akamva zachilendo pa chifuwa, angakutumizeni ku UTH kapena ku National Heart Hospital kukaunika mtima na makina a echo.

Ngati thupi likuvutitsani zoona, makamaka muli na shuga kapena BP, thandizo liliko kwa dokotala, na mankhwala olembetsedwa na ZAMRA. Chepetsani nsima, saladi na zakumwa za shuga, onjezerani chibwabwa na kalembula, muziseluka siteshoni imodzi musanafike kunyumba.

Za diresi ija, bwererani kwa telala. Kuonjezera nsalu m'mbali ndi nchito ya tsiku limodzi.