Mitengo yachilengedwe ndi yobwera m'chigwa cha Shire

Mitengo ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje ili m'magulu awiri: yachilengedwe, yomwe makolo anaipeza ikumera yokha, ndi yobwera kuchokera kumayiko ena. Kuchigwaku kumatentha kwambiri ndipo mvula imagwa yochepa, komabe mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza imasefukira, monga zinachitikira mu 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu 2023. Mtengo wodzala kumeneku uyenera kupirira chilala ndi madzi omwe.

Yachilengedwe inazolowera kale zimenezi. Mlambe umasunga madzi m'thunthu lake. Tsanya amamera pa dothi lolimba lomwe mitengo ina imakana, koma akutha chifukwa cha makala. Msangu ndiye bwenzi la mlimi: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba mapira kapena chimanga, masambawo amasanduka manyowa, ndipo m'chilimwe ng'ombe ndi mbuzi zimadya zipatso zake. Bwemba, mtondo ndi mvunguti zimapereka zipatso kapena mankhwala. Vuto lake n'lakuti yambiri imachedwa kukula. Nkhalango za Lengwe, Mwabvi ndi Matandwe, komanso Khulubvi komwe kuli kachisi wa Mbona, zikusungabe mitengo yotereyi.

Yobwera imakondedwa chifukwa imakula msanga. Nimu, wochokera ku India, wadzaza m'makomo ndi m'masukulu popeza amakhala wobiriwira ngakhale mu Okutobala, ndipo chiswe sichimukonda. Kesha amapereka nkhuni, pomwe chamwamba masamba ake ndi ndiwo. Bulugamu, wochokera ku Australia, amapereka milimo yowongoka, koma amamwa madzi ambiri ndipo mbewu sizichita bwino pafupi naye, choncho sayenera kudzalidwa m'mbali mwa mitsinje kapena zitsime. Chomera chobwera chingathenso kulowerera: namasupuni, wochokera ku South America, amatseka njira za mabwato ndi malo a asodzi m'dambo la Elephant Marsh.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Nimu ndi kesha zimayenera pakhomo ndi pamalo a nkhuni, msangu m'munda, ndipo m'magombe a mitsinje mumafunika mitengo yachilengedwe pamodzi ndi bango ndi nsungwi zogwira dothi. Mbande zimafuna mpanda wa minga chifukwa mbuzi zimayenda momasuka m'chilimwe. Pomwe pali zitsa zamoyo, kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba n'kudulira zinazo kumabwezeretsa mtengo msanga kuposa mbande, popeza mizu yake inazama kale.