Safunsa Adadya Phula

Makolo adatisiyira mwambi wakuti safunsa adadya phula. Tanthauzo lache nlodziwika: munthu wochita manyazi kufunsa salekanitsa uchi ndi makoko ache. Mwezi uno tifuna kukamba za phula lenileni, lija apaka pa galimoto ndi pa njinga zamoto, limene ambiri alicha polishi; pakuti alipo ana athu ambiri amene alikudya phula limeneli ndi ndalama zao za thukuta.

Taonani mseu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, wodzera pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete. Taonaninso njira za ku Nsaru, za kwa Kabudula, za ku Nambuma ndi za kuno kwa Chitukula. Kale galimoto inali ya bwana kapena ya mwini sitolo, koma lero anyamata athu omwe ndiwo ayendetsa kabaza, masiyenta ndi maminibasi, ndipo mabanja ambiri adya nsima yochokera m'menemo. Zambiri mwa galimotozi zidayamba zatumikira ku Japan, zidaoloka nyanja kufika ku Dar es Salaam, nizilowa m'dziko muno pa Songwe. Zifika ziri nyezinyezi. Koma dzuwa la Okutobala ndi pfumbi la m'miseu yathu sizichedwa kuzichotsa ulemerero. Mwini wache akaona penti irikufwifwa, mtima umpweteka, ndipo pomwepo mpamene wamalonda amdikira.

Zimene ndidaona pa msika

Tsiku lina la msika ndidali pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga, amene agwira nchito ya kabaza. Tidapeza khamu litazinga munthu wina amene adayala mabotolo okongola pa thumba, ndipo pambali pache padali chidutswa cha chitseko cha galimoto. Iye adapaka mankhwala ache mbali imodzi, napukuta, nathirapo madzi. Madziwo adasanduka timibulu, nagubuduzika ngati mikanda. Pambuyo pache adadonthezapo spiriti, nayatsa machesi. Moto udati lawi, nuzima, penti osapsa konse. Anthu adaomba m'manja.

Mnyamata uja adandikodola nati: “Atsibweni, mwaona? Ngakhale moto walephera! Ndigule botolo limodzi.”

Ine ndidati: “Mphwanga, yamba wawapempha bambowa kuti ayatsenso mbali ija sadapakeko kanthu.”

Wamalonda adandiyang'ana ndi diso lofiira nati: “Achikulire, ngati simugula, musandionongere malonda.”

Chinsinsi chache nchapafupi. Spiriti ikayaka, chimene chipsa ndi mpweya wache wokwera m'mwamba, ndipo imatha msanga chitsulo chisanatenthe. Penti ikadapulumuka ngakhale popanda mankhwala. Chionetsero chimenechi sichidayambe kuno: ku America adagulitsa nacho polishi pa wailesi yakanema kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Nanga timibulu ta madzi? Pakani mafuta ophikira pa mbale, mudzaona zomwezo. Bakha nayenso sanyowa, chikhalirecho sadagule botolo. Timibulu tingotiuza kuti pali mafuta lero, sitinena ngati adzakhalapo mvula itagwa kawiri.

Muli chiani m'chitinimo?

Polishi wa galimoto, wokwera mtengo ndi wotsika yemwe, apangidwa ndi zinthu zowerengeka. Choyamba ndi phula. Lochuka koposa ndi la carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wonga mgwalangwa umene umera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil, makamaka ku Piauí ndi ku Ceará. Anthu a kumeneko adula masamba m'chilimwe, nawayanika padzuwa, nawapuntha kuti ufa wa phula uyoyoke. Phula limeneli nlouma ndithu: silisungunuka kufikira kutentha kutapitirira madigiri 80, pamene phula la njuchi lisungunuka pa madigiri 62 kufikira 64. Chachiwiri ndi mafuta onga parafini ofewetsa phulalo, ndiwo amene mumva pfungo lache potsekula chitini. Ena aonjezamo silikoni woterera, ena ufa wosalala wokwecha penti pang'ono, ndiponso utoto ndi zonunkhiritsa.

Tsono mukaona pa chitini palembedwa kuti carnauba 100%, musaganize kuti chitini chonse ndi carnauba, pakuti carnauba yekhayekha ngolimba ngati mwala, sangapakike ndi nsanza. Mau amenewo angotanthauza kuti phula limene adaikamo, lingachepe bwanji, ndi la mtundu umenewo. Momwemonso mau ena achilendo osindikizidwa ndi zilembo zagolide, monga nano, ceramic ndi graphene, sakuuzani muyeso wa chimene chirimo. Ngakhale dzina lochuka la Turtle Wax, limene lidayamba ku Chicago m'zaka za m'ma 1940, lingofanizira chigoba cholimba cha kamba. M'botolomo mulibe kamba ai.

Nchito yeniyeni ya phula ndi kuika kachikopa kopyapyala pamwamba pa penti, kuti madzi, matope ndi zitosi za mbalame zisakangamire. Pa galimoto yokhalira padzuwa, kachikopako kamatha pa masabata owerengeka, kakakhalitsa miyezi iwiri kaya itatu. Phula silichiza dzimbiri, silitseka mkwasa wozama, ndipo silibwezera chikopa choonekera cha pamwamba pa penti chikayamba kusupuka. Wokulonjezani zimenezi alikukugulitsani mau.

Malonda obvala nkhope ya mnzao

Bvuto lachiwiri ndi la maina ofanana. Amai a m'nyumba alidziwa bwino. Polishi wa nsapato wa Kiwi adayamba kupangidwa ku Melbourne, m'dziko la Australia, mu 1906, ndipo kuno dzinali lidazika mizu kotero kuti mwana akatumidwa anena kiwi ngakhale afuna polishi wina aliyense. Chimodzimodzi Cobra wopaka pansi m'nyumba. Dzina lotere limangidwa pa zaka zambiri, monga mbiri yabwino ya munthu m'mudzi. Ndipo alipo ena amene safuna kudikira zaka: atenga mtundu womwewo wa chitini, najambulapo kanyama kofananako, nasintha chilembo chimodzi, kuti wogula wothamangira basi asazindikire.

Apa tilekanitse bwino. Wopanga katundu wotsika mtengo, nalembapo dzina lache ndi kumene akhala, sadalakwe. Kawirikawiri katundu wache agwira nchito mokwanira, ndipo zichitikanso kuti fakitale imodzi idzaza zitini za maina angapo. Koma wobisala m'malaya a mnzache wadziulula yekha: akadakhulupirira katundu wache, sakadachita manyazi ndi dzina lache. Katunduyo akakuonongerani penti, mudzakadandaula kwa yani, popeza pa chitini palibe keyala? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati: “Nanga ife opanda galimoto, nkhaniyi itikhudza bwanji?” Ikukhudzani ndithu, abale, pakuti msampha womwewo auchera pa mbeu. Mvula ikayandikira, anthu osaongoka atenga chimanga cha m'nkhokwe, nachinyika mu utoto wofiira kapena wobiriwira, nachithira m'mapaketi ofanana ndi a makampani a mbeu. Polishi wonama akudyerani ndalama za tsiku limodzi, koma mbeu yonama ikudyerani chaka chathunthu, ndipo chinyengo chache chioneka nthawi yobzalanso itapita kale. Nchifukwa chache pa Chitedze, pamene padatsekulidwa malo ofufuzira za ulimi mu 1948, pali nthambi yoyesa mbeu, ndipo mu 2022 dziko lidakhazikitsa lamulo latsopano la mbeu.

Wogula sali yekha. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, ndilo liyesa ubwino wa katundu. La Competition and Fair Trading Commission, lobadwa ndi lamulo la 1998 limene lidakonzedwanso mu 2024, lilandira madandaulo a wogula amene wanamizidwa. Koma mabungwewa sangaime pa msika uliwonse kuyambira ku Namitete kufikira ku Nambuma. Mlonda woyamba ndi maso anu.

Malangizo asanu

1. Werengani dzina chilembo ndi chilembo, ndipo funani dzina ndi keyala ya wopanga. Ngati simudziwa kuwerenga, mwana wa sukulu akuwerengereni. Palibe manyazi pamenepo.

2. Gulani kwa munthu amene mudzampezanso mawa, ndipo pemphani lisiti.

3. Yesani polishi watsopano pa malo ang'ono obisika, pamthunzi, chitsulo chiri chozizira.

4. Musapukute pfumbi ndi nsanza youma, pakuti pfumbi ndi mchenga, likwecha penti. Tsukani ndi madzi ambiri ndi nsaru yofewa. Sopo waufa wochapira zobvala achotsa phula lomwe mudalipira.

5. Inu a kabaza, polishi asafike pa matayala, pa mabuleki, pa chishalo kapena pa zogwirira. Kuterera kwa pamenepo kungathe kugwetsa mai wobereka mwana kumbuyo.

Mphwanga uja sadagule botolo tsiku limenelo. Adanyinyirika njira yonse, koma ndalamazo adagulira oyilo wa injini, ndipo njinga yache aitsuka madzulo alionse ndi chidebe cha madzi a pa mjigo ndi malaya akale. Sindinena kuti iwala ngati ya m'chithunzi. Koma iyenda, ndipo ana ache adya. Inunso mukadzaona moto ulikuyaka pa chitsulo pa tsiku la msika, onererani ndithu, pakuti kuonerera nkwaulere. Koma dzanja lisanalowe m'thumba, funsani.