Timabowo ta pa Arduino: Makutu ndi Manja Ake

Anzanga, amene munabwera ku kalabu ya sayansi Lachitatu munakaona kabolodi kabuluu kamene aphunzitsi anabweretsa. Dzina lake ndi Arduino Uno, kakompyuta kokwana m'dzanja. Kalibe sikirini, kalibenso kiyibodi. Ndiye kamamva bwanji? Yang'anani timabowo tili m'mbalimo, totchedwa mapini.

Mapini 14, kuyambira 0 mpaka 13, ndi a digito. Amangodziwa ziwiri basi: magetsi alipo kapena palibe. Pini yotere mutha kuiuza kuti izimva mukadina batani, kapena izitulutsa magetsi oyatsa kababu ka LED. Mapini ena 6, A0 mpaka A5, amayeza kuchuluka kwa magetsi n'kupereka nambala yapakati pa 0 ndi 1023. Mukalumikizapo sensa ya chinyezi n'kuizika kudimba, nambalayo imasintha dothi likamauma, ndiye mumadziwa kuti tomato akufuna madzi.

Koma samalani. Pini imatulutsa 5 volts, ndipo mphamvu yodutsamo isapitirire 20 mA. Ine ndinatenga kamota ka mu wailesi yakale ya kaseti n'kukalumikiza mwachindunji pa pini 9, amvekere ndione ngati kazungulire. Pini ija inapsa, mpaka lero siigwira ntchito. Kumeneko n'kumene ndinadziwa kuti mota imafuna transistor ndi batire yakeyake, LED nayonso imafuna resistor.

Kabolodi n'kamodzi sukulu yonse ino, ndipo tatsala ndi mapini 13 a digito. Chonde musanalumikize waya, zulani kaye USB n'kufunsa aphunzitsi.