Malonjezo a Nyengo ya Mayeso

Anzanga a Fomu 2, JCE yayandikira, ndipo mwaona mmene malonjezo achulukira pasukulu pano? Wina akuti akakhoza adzalowa kwaya, wina akuti sadzajombanso kutchalitchi, wina mpaka walonjeza tambala wake. Si zoipa ayi. Koma tiyeni tione kaye kulemera kwa mawu oterewa.

Pali zinthu zitatu zimene timasokoneza. Lonjezo ndi pamene wauza mnzako kuti kope lake ubweza Lolemba. Lumbiro ndi pamene waitanirapo Mulungu kuti akhale mboni, zija timachita tikapanikizika, kunyambita chala n'kuloza kumwamba amvekere “pali Mulungu!” Chowinda ndiye lonjezo lopita kwa Mulungu mwini wake, popanda wokukakamiza. Zija za kwaya ndi tambala zili m'gulu limeneli. Hana wa mu 1 Samueli anawinda chomwechi popempha mwana, ndipo Samueli atangosiya kuyamwa anakamusiyadi kwa wansembe Eli ku Silo. Mwana mmodzi yekhayo, woti wamulirira zaka! Chaka ndi chaka ankangomusokera kamkanjo n'kukamupatsa.

Nanga n'chifukwa chiyani Baibulo limalimbitsa nkhaniyi chonchi? Ine ndikuona kuti n'chifukwa choti Mulunguyo sabweza mawu ake. Anauza Abrahamu kuti adzakhala mtundu waukulu ali ndi zaka 75, alibe ndi mwana yemwe. Isake anabadwa bamboyo ali ndi zaka 100. Zaka 25 zodikira, ndiye kuti moyo wanga wonsewu kuphatikizapo zaka 10 zina. Kuchedwa kunachedwa, koma zinachitika. Ndipo palibe chimene Abrahamu analipira kuti alonjezedwe. Choncho chowinda si chiphuphu. Tambala uja sakaonjezera malikisi ku MANEB.

Tsopano pali kamawu kamene timathawirako zinthu zikavuta: “Aaa, ndinalonjeza ndisakudziwa.” Amene amakonda kamawu kameneka akawerenge Yoswa 9.

Aisraeli atagonjetsa Yeriko ndi Ai, anthu a ku Gibeoni anachita mantha n'kupangana zachinyengo. Anavala nsanza ndi nsapato zakutha, anatenga matumba akale ndi buledi wouma wochita nkhungu, n'kupita kwa Yoswa ku Giligala. Anati achokera kutali kwambiri, buledi ameneyu ananyamuka naye kwawo ali wotentha. Akuluakulu a Aisraeli anangoona bulediyo n'kukhulupirira, osafunsa Mulungu, basi n'kulumbira m'dzina lake kuti sadzawapha. Patangopita masiku atatu zinaululika kuti anthuwo ndi apafupi pomwepo.

Khamu linadandaula, ndipo ine ndikanakhalapo ndikanadandaula nawo. Si awanamiza kodi? Koma akuluakulu aja anakana kuwakhudza chifukwa dzina la Mulungu linali litatchulidwa kale. Chilango cha bodza anawapatsa, chotema nkhuni ndi kutunga madzi, koma moyo wawo anausiya. Chondidabwitsa kwambiri chili m'mutu 10. Mafumu asanu atazinga Gibeoni, Yoswa akanatha kungokhala phee, adaniwo n'kumuchotsera vutolo, iye manja ali oyera. M'malo mwake anayenda usiku wonse ndi asilikali ake kukapulumutsa anthu omwe anamupusitsawo.

Sindikunena kuti ukalonjeza choipa uchite basi. Herode anadula mutu wa Yohane Mbatizi poopa kuchita manyazi ndi lumbiro lake pamaso pa alendo, ndipo palibe amene amamuyamikira. Kusunga lumbiro kwa Yoswa kunapulumutsa anthu, kwa Herode kunapha munthu. N'chifukwa chake Mlaliki 5 amalangiza kuti kusawinda n'komwe kuli bwino kusiyana ndi kuwinda osachita, ndipo Yesu pa Mateyu 5 analetsa zolumbiralumbirazi, kuti mawu athu azikhulupirika paokha.

Nkhani ya Agibeoni sinathere pa Yoswa. Mibadwo ingapo itadutsa, Mfumu Sauli anapha ena mwa iwo. Mu 2 Samueli 21 timawerenga kuti m'nthawi ya Davide munagwa njala zaka zitatu zotsatizana. Davide atafunsa Mulungu chifukwa chake, anauzidwa kuti ndi mlandu wa Agibeoni aja, chonsecho Yoswa ndi akuluakulu amene analumbirawo anali atamwalira kalekale.