MAI WAPAKATI AKATUPA NKHOPE ASAGONE M'MUDZI

M'midzi yambiri mai wapakati akatupa nkhope ndi manja, akuluakulu amangoti ndi mapasa. Koma kutupa kotere kawirikawiri kumacenjeza za nthenda yoopsya imene madotolo amaicha pre-eclampsia.

Nthendayi imayamba pathupi patapitirira milungu 20, ndiye kuti pa mwezi wacisanu. Gwero lake ndi nsengwa imene imadyetsa mwana m'mimba. Nsengwayo ikapanda kukhazikika bwino, magazi a mai amathamanga kwambiri, impso ndi ciwindi zimavutika, ndipo mwana sakula bwino.

Poyamba mai samva kupweteka kulikonse. Nthendayi imapezeka ku sikelo, pamene namwino apima magazi napeza kuti afika 140/90 kapena kupitirira, ndiponso pamene apima mkodzo. Cifukwa cace ca ici, m'caka ca 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mai wapakati azionana ndi acipatala kasanu ndi katatu asanacire.

Ikakula, zizindikiro zake ndi izi: mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona cimbuuzi kapena tinthu tong'anima m'maso, kupweteka pansi pa nthiti makamaka ca kumanja, kusanza, kubanika, ndi kutupa mwadzidzidzi nkhope ndi manja. Kutupa mapazi okha madzulo kumacitika kwa amai ambiri, koma kutupa kwa nkhope nkwina.

Imakonda kugwira amai a mimba yoyamba, a mimba ya mapasa, opitirira zaka 40, odwala shuga kapena BP, ndi amene inawagwirapo kale. Asungwana a mimba yoyamba ambiri amaopa kuuza apongozi za mutu wowawa. Akumbukire kuti mbewa ya manyazi inafera ku una.

Akacedwa, mai amakomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Izi si zamatsenga ai. Amugoneke cammbali, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo athamange naye ku kiliniki. Kumeko amabaya mankhwala a magnesium sulphate oletsa kuphupha, ndi kutumiza wodwala ku zipatala zazikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Nthawi zina madotolo amaciritsa mai masiku asanakwane kuti apulumutse iye ndi mwana.

Ngoziyi ikhoza kubwera ngakhale mai atacira kale, mpaka milungu 6. Motero amuna ndi agogo, amene amalamula za ulendo pakhomo, asunge ndalama ya galimoto kukali kutali. Cizindikiro cikaoneka, ulendo ndi wa tsiku lomwelo.