Uthenga wa akuba umadutsira pati kuti ufike pa foni yanu?

"Ndalama ija ingotumizani pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto." Ngati muli ndi foni m'Malawi muno, uthenga wotere munaulandirapo, mwinanso kangapo. Wina umati mwana wanu wadwala mwadzidzidzi kusukulu, wina umati mwapambana pa mpikisano umene simunalowe n'komwe. Kwathu kuno ku Chifunga, m'mbali mwa msewu wochokera pa Zalewa kupita ku Mwanza, umene umatigwira mosavuta ndi wa katundu wa ku Joni. Munthu amalemba kuti ndi dalaivala, m'bale wanu wamupatsira katundu, koma wakodwa pa chipata cha Mwanza, ndiye tumizani kangachepe ka msonkho. Poti mabasi ndi mathiraki ochokera ku Johannesburg timawaona akudutsa tsiku ndi tsiku, ndipo mabanja ambiri ali ndi wina wake kumeneko, bodzali limamveka ngati zoona.

Pakhomo pathu, foni ikavuta amathamangira kwa ine. Choncho funso lija ndalimva kambirimbiri: "Kodi a makampani a mafoniwa, bwanji osangotseka mauthenga amenewa?" Yankho lake ndi lakuti njira yosefera mauthenga ilipo, ndipo makampani a mafoni pa dziko lonse amaigwiritsa ntchito. Koma kuti timvetse chifukwa chimene ena amapulumukirabe, tiyenera kuona kaye momwe uthenga umayendera.

Njira ya kuseri

Netiweki ya mafoni ili ndi njira ziwiri. Ina ndi yodutsa mawu anu mukamalankhula. Inayo ndi ya kuseri, momwe makina amanong'onezana okhaokha: nambala iyi ili kuti, foni yake ndi yoyatsa kodi, mayunitsi alimo? Chilankhulo chakale cha makinawa chimatchedwa SS7. Bungwe loona za matelefoni pa dziko lonse, lomwe lero lili pansi pa ITU, linachivomereza mu 1980, ndipo mpaka pano netiweki za 2G ndi 3G zimadalira chimenechi.

SMS inabadwira m'njira ya kuseriyi. Akatswiri anaona kuti muli kampata kotsala, n'kuganiza zoti muzidutsanso timakalata tifupitifupi. N'chifukwa chake uthenga umodzi umathera pa zilembo 160. Woyamba unatumizidwa pa 3 December 1992 ku Britain, pa netiweki ya Vodafone, ndi injiniya wina dzina lake Neil Papworth.

Tiyerekeze kuti achimwene anu ali ku Johannesburg ndipo akulemberani. Uthengawo umayamba wafika pa positi ofesi ya kampani yawo, makina otchedwa SMSC. Makinawo amafunsa kaundula wa kampani yanu kuno, wotchedwa HLR, kuti nambala yakutiyakuti ili kuti. Kaundula akayankha, uthenga umatumizidwa ku makina amene akusamalira dera lanu, kenako pa nsanja imene foni yanu ikugwira, basi foni n'kulira m'thumba. Zonsezi zimatha musanamalize kuphethira kawiri katatu.

Vuto ndi lakuti SS7 inapangidwa nthawi imene makampani a matelefoni anali ochepa, ambiri a boma, odziwana. Aliyense wolowa m'njira ya kuseriyi ankakhulupiriridwa, osafunsidwa chiphaso. Lero olowamo ndi ambirimbiri. Mu December 2014, pa msonkhano wa akatswiri a makompyuta ku Hamburg, Tobias Engel ndi Karsten Nohl anaonetsa poyera kuti munthu amene wapeza khomo lolowera mu SS7 atha kudziwa komwe foni ya wina ili, ngakhalenso kupatutsa mauthenga ake. Mu 2017 kampani ya O2 Telefónica ku Germany inavomereza kuti akuba anagwiritsadi ntchito njirayi kulanda timanambala tachinsinsi timene mabanki amatumiza pa SMS, n'kukokolola ndalama za anthu.

Sefa ndi malamulo ake

Pofuna kutseka mpata umenewu, makampani amaika makina olondera pa khomo la netiweki yawo. Pa Chingerezi amati firewall, koma ntchito yake ndi ya sefa ngati ya ufa ija. Paokha makinawa sadziwa kanthu. Mainjiniya ndi amene amawalembera malamulo, lamulo lililonse lili ndi mbali ziwiri: ukaona chakuti, chita chakuti. Chochitacho chikhoza kukhala kulola uthenga udutse, kuutaya, kuuimika kaye, kapena kungoulemba m'kaundula.

Lamulo loyamba limafunsa kuti akugogodayo ndani. Makina aliwonse a mu SS7 ali ndi adiresi yake, ndipo sefa imakhala ndi mndandanda wa makampani amene pali mgwirizano nawo. Bungwe la GSMA, lomwe limasonkhanitsa makampani a mafoni a m'manja pa dziko lonse, linagawa mafunso a m'njirayi m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi mafunso a m'nyumba, amene mlendo wa kunja sayenera kufunsa n'komwe. Lachiwiri ndi amene kampani yakunja ingafunse pokhapokha ngati akukhudza kasitomala wake amene wabwera kudzacheza kuno. Lachitatu ndi ofunika kuwayeza ndi nzeru: ngati foni yanu inali pa Chifunga mphindi khumi zapitazo, ndiye pabwere makina a ku London kunena kuti muli kumeneko tsopano, sefa imadziwa kuti palibe ndege yothamanga choncho, ndipo imakana.

Lamulo lachiwiri limayang'ana dzina la wotumiza. Munaonapo kuti mauthenga a ku banki sabwera ndi nambala koma ndi dzina. Dzinalo, lomwe silipitirira zilembo 11, amalemba ndi wotumizayo, ndipo popanda sefa aliyense akhoza kulemba dzina la banki yanu. Choopsa n'chakuti foni imaika uthenga wabodzawo pa mzere umodzi ndi mauthenga enieni a bankiyo. Choncho mainjiniya amalamula kuti dzina lakuti lizidutsira pa khomo limodzi lokha lodziwika. Likatulukira kwina, litayidwe.

Lamulo lachitatu limawerenga kuchuluka. Munthu wamba satumiza mauthenga 500 pa mphindi zisanu, kupita ku manambala otsatizana ngati akuwerenga kaundula wa kalasi. Simukhadi yochita zimenezi imachepetsedwa liwiro kapena kutsekedwa.

Lamulo lachinayi ndi lomwe limayang'ana mawu enieniwo: mawu okayikitsa, ma link a masamba achinyengo, kapena uthenga umodzimodzi umene wapita kwa anthu zikwi.

Malamulowa amatsatana mwa ndondomeko, ndipo injiniya wosamala sayatsa lamulo latsopano nthawi yomweyo. Amayamba waliika kuti lizingowerenga, osatseka kanthu, kwa masiku angapo, kuti aone ngati silikugwira anthu osalakwa.

Nanga wa ku Joni uja umadutsa bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Uthenga wa "dalaivala" uja nthawi zambiri suchokera kunja, ndipo subwera ndi dzina labodza la banki. Umachokera pa simukhadi yeniyeni ya konkuno, wolembedwa ndi zala za munthu wodziwa Chichewa ngati ine ndi inu. Pa lamulo loyamba umadutsa, poti ndi wa m'nyumba. Pa lachiwiri umadutsa, poti nambalayo ndi yoona. Pa lachitatu wakubayo amatumiza pang'onopang'ono, kapena amasinthasintha masimukhadi. Latsala lachinayi.

Tsono taganizani. Azakhali anga amagulitsa manachesi nyengo yake ikakwana, ndipo wogula wa ku Blantyre akachedwa kulipira amamulembera kuti, "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi." Mawu ake ndi omwewo, chilembo ndi chilembo. Makina angadziwe bwanji kuti uyu ndi mayi wofuna ndalama ya thukuta lake, uyo ndi mbava? Mutatseka mawu akuti "tumizani", ndiye kuti mwatseka malonda a dziko lonse. Komanso akuba akaona kuti mawu ena akugwidwa amangosintha kalembedwe: "ndlama", "tumizan", kapena kusakaniza ndi Chingerezi, monga momwe tonsefe timalembera pa foni.

Sefa yothina kwambiri ili ndi mavuto ake. Mu March 2021 dziko la India linayamba kutsata lamulo loti uthenga uliwonse wochokera ku kampani uzifanana ndi chitsanzo chimene chinalembetsedwa kale. Tsiku loyamba lomwelo mauthenga ochuluka a mabanki anakanidwa, anthu n'kulephera kulipira zinthu chifukwa nambala yachinsinsi sinkafika, mpaka bungwe la TRAI linaimitsa kaye lamulolo. Kuno kwathu, uthenga wotayika molakwika ukhoza kukhala wa maliro, woitanira munthu ku ntchito, kapena wotsimikiza kuti fizi yafika.

Dziko la Singapore linatenga njira ina. Mu December 2021 makasitomala pafupifupi 790 a banki ya OCBC anaberedwa ndalama zokwana madola 13.7 miliyoni a dzikolo kudzera m'mauthenga okhala ndi dzina la bankiyo. Kuyambira pa 31 January 2023, bungwe lililonse lotumiza SMS ndi dzina linayenera kulembetsa dzinalo, ndipo uthenga wa dzina losalembetsa unayamba kufika ndi chizindikiro chakuti "Likely-SCAM", kuchenjeza wolandira kuti mwina ndi wachinyengo. Njirayi imathandiza pa mayina abodza, koma wakuba wa simukhadi wamba siimugwira.

Palinso funso la chinsinsi. Kuti sefa igwire mawu, iyenera kuwerenga uthenga wanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha makalata ndi mafoni a munthu. Achikulire akukumbukira mkangano wa makina a CIRMS amene MACRA inagula, omwe anthu anawapatsa dzina loti makina a ukazitape, ndipo nkhani yake inatha zaka ili m'makhoti. Ndiye tikamakuwa kuti "tsekani zonse", tizikumbukira kuti tikupemphanso kuti makina azisuzumira kwambiri m'mauthenga athu.

Ndipo zonse ndafotokozazi ndi za SMS yokha. Mauthenga a pa WhatsApp sadutsa m'sefa imeneyi. Amayenda pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2016 amakhala otsekedwa moti kampani ya foni singawawerenge. Wakuba akakuimbirani ndi pakamwa, sefa ya mawu olembedwa ilibenso chochita.

Mbali yathu

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013. Kwa ife a kutali ndi mabanki, zimenezi zinasintha moyo, koma zinasandutsanso foni iliyonse kukhala chikwama. Mu 2018 MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, cholinga choti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wake wodziwika. Komabe bungweli linanenapo kuti anthu amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni pa mwezi kudzera m'chinyengo cha pa foni, ndipo apolisi akhala akunena kuti ena mwa ochita zimenezi amakhala ali m'ndende. Masimukhadi awo amalembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Mnzanu akakupemphani chiphaso chanu cha unzika kuti "ndingolembetsera layini", dziwani kuti tsiku lina apolisi akhoza kudzagogoda pa khomo panu.

Tsiku lina la msika ndinaima pa mzere kwa ejenti wina pano pa Chifunga. Patsogolo panga panali mayi wachikulire, ndalama atazimanga pa nsonga ya chitenje, akuonetsa nambala pa foni. Mtsikana wa pa kauntalayo anawerenga uthengawo, n'kufunsa modekha: "Amayi, mwana wanuyo mwalankhula naye?" Mayiwo anati ayi, dalaivala wanena kuti zachangu. "Tiyeni timuimbire kaye, mayunitsi ndi anga." Mwanayo atayankha anadabwa, poti sanatumize katundu aliyense. Mtsikanayo anachita zimene makina sangathe: anadziwa kuti uthengawo sukugwirizana ndi moyo wa munthu amene waulandira.

Ntchito imeneyi ndi ya ife achinyamata amene tili ndi mafoni amakono m'mabanja mwathu. Uthenga ukanena kuti mwalandira ndalama, musakhulupirire mawuwo. Onani nokha ndalama zotsala pa *211# kapena *444#, malinga ndi layini yanu. Wina akati watumiza molakwitsa, muuzeni akadandaule ku kampani, osati inu mumubwezere. Uthenga wotchula m'bale wanu, muimbireni m'baleyo pa nambala imene mukuidziwa kale, osati imene mwapatsidwayo. Nambala yanu yachinsinsi, kapena kanambala kobwera pa SMS kotsimikizira kuti ndinu, musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku likulu. Ngati foni yanu ndi ya Android ndipo mumagwiritsa ntchito Google Messages, yatsani mbali yotchinga mauthenga achinyengo, muwayatsirenso makolo ngati foni yawo ili nayo.

Chomaliza, musangofufuta uthenga wabodza n'kuiwala. Ujambuleni, mukanene nambalayo ku kampani ya foni yanu kapena kupolisi. Injiniya uja salota malamulo ake. Amawalemba potengera zimene zanenedwa, ndipo nambala imene anthu khumi aidandaula ndi yosavuta kuitseka kusiyana ndi imene aliyense wangoitukwana n'kuisiya. Ndipo madzulo ano, mukamadya nsima, afunseni amayi kapena agogo kuti akuonetseni mauthenga amene alandira sabata ino, muwerengere limodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ambiri mwa makolo athu safunsa chifukwa choopa kusekedwa. Yambani ndinu kuwafunsa.