Magetsi Owala Kwambiri pa Galimoto Yakale: Ndani Akuona, Ndani Akuthobwa?

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, msewu wa Chipata-Lundazi, umene umadutsa m'boma la Chipangali, sugona. Ma Canter odzaza soya ndi mpendadzuwa, ma Hilux akale, ma Corolla onyamula anthu, onse amayenda mpaka usiku. M'mbali mwa msewu womwewo mumakhala njinga zopanda nyale, ngolo za ng'ombe ndi anthu oyenda pansi obwerera kwawo. Mu 2016 boma la Zambia linaletsa mabasi kuyenda pakati pa 21:00 ndi 05:00 pofuna kuchepetsa ngozi, koma mdima umagwa 21:00 isanakwane, ndipo eni magalimoto ang'onoang'ono ambiri apeza njira yawoyawo yothana nawo: amagula mababu a LED, aja oyera mbuu, n'kuwalowetsa m'nyale za galimoto yopangidwa zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo.

Mwini galimoto amasangalala. Amene akubwera kutsogolo kwake ndiye amadziwa zenizeni.

Nyale ya galimoto si babu lokha. Kumbuyo kwa babu kuli mbale yonyezimira imene imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya kumene kukufunika. Magalimoto ambiri akale amagwiritsa ntchito babu la halogen lotchedwa H4, limene linayamba mu 1971. M'kati mwake muli timawaya tiwiri ta tungsten: ka fulu, ka mawati 60, ndi ka dimu, ka mawati 55. Pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo kophimba, kamene kamachititsa kuti kuwala kuthere pamzere woonekera bwino, kusakwere m'maso mwa anthu. Mbale ija inaumbidwa molingana ndi malo enieni a timawayato, moti kusuntha kwa milimita imodzi kapena iwiri kumasokoneza zonse.

Babu la LED lilibe kawaya. Lili ndi timapale tathyathyathya towalira mbali ziwiri, ndipo pa mababu otsika mtengo timapaleto sitikhala pamene panali kawaya. Mbale imalandira kuwala kochokera pamalo olakwika n'kukumwaza: kwina m'mitengo, kwina pansi pafupi ndi bampala, kwina m'maso mwa dalaivala winayo. Zili ngati kuthirira dimba ndi chidebe chobooka. Madzi ndi ambiri, koma pa mbewu pakufika ochepa. Choipa china n'chakuti pafupi ndi galimoto pakawala kwambiri, maso a dalaivala amazolowera kuwalako ndipo patali amaona movutikira, ngakhale iye akudzimva kuti akuona bwino kuposa kale.

Sikuti LED ndi yoipa. Kuyambira mu 2007, pamene Lexus inatulutsa galimoto ya nyale zakutsogolo za LED, makampani akhala akupanga nyale zabwino kwambiri za mtunduwu, koma amapanga zonse pamodzi: babu, mbale ndi galasi. Vuto ndi kusakaniza. Ku Britain, kuyambira mu 2021, galimoto imene aika babu la LED m'nyale ya halogen imalephera fitinesi, kupatula magalimoto akale kwambiri amene anayamba kuyenda mwezi wa April 1986 usanafike.

Nanga m'diso mumachitika chiyani? Usiku mwana wa diso amakula kuti kuwala kochepa kulowe, ndipo kumbuyo kwa diso timaselo toona mumdima timayamba kugwira ntchito. Timaseloti timachedwa kuzolowera: pamatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti diso lizolowere mdima kwathunthu. Kuwala kwamphamvu kukalowa mwadzidzidzi, kumamwazika m'kati mwa diso, zinthu zakuda zonse n'kuzimiririka, ndipo ngakhale galimoto ija itadutsa, diso limafuna masekondi angapo kuti libwerere. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Masekondi awiri osaona ndi mamita 44 oyenda mwachimbulimbuli. Ngolo yopanda chonyezimira ikakhala m'mamita amenewo, nkhani imathera kuchipatala kapena kumanda. Ndipo kawirikawiri wovulala sakhala mwini magetsi aja, koma mlimi wa pangolo kapena mnyamata wa panjinga amene wagundidwa ndi dalaivala wothobwa.

Achikulire ndiwo amavutika kwambiri. Munthu akamakula, mwana wa diso sakulanso ngati kale, ndipo kagalasi ka m'diso kamayamba kuchita chifunga. Ng'ala ikangoyamba, masana munthu amaona bwinobwino, koma usiku nyale iliyonse imaoneka yozunguliridwa ndi nkhungu yowala. Madalaivala ambiri amaimba mlandu magetsi a galimoto yawo pamene vuto lili m'maso. Amene wapitirira zaka 50, kapena amene ali ndi matenda a shuga, akaona kuti kuyendetsa usiku kwayamba kumuvuta, ayambe wakapimitsa maso asanapite kwa makanika. Ku Chipata Central Hospital ndi ku Mwami Adventist Hospital amaona odwala maso, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni.

Komabe n'zoona kuti nyale za magalimoto akale zimafooka, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Choyamba ndi galasi. Nyale za magalimoto ambiri ochokera ku Japan zili ndi chophimba cha pulasitiki chimene dzuwa limachisandutsa chachikasu. Bungwe la AAA la ku America linapeza mu 2018 kuti nyale zotha chonchi zimatulutsa 22 peresenti yokha ya kuwala kwa nyale zatsopano. Kupukuta pulasitikiyo ndi sandipepa yosalala ndi polishi, kenako kupaka mankhwala oteteza ku dzuwa, kumabweza kuwala kochuluka. Mbale yonyezimira ikachita dzimbiri chifukwa cholowa madzi, palibe babu limene lingathandize, imafunika kusintha.

Chifukwa chachiwiri chimabisika m'mawaya. Pa galimoto yakale, mphamvu yochokera ku batire imazungulira kudzera pa switchi ya padashibodi ndi m'malumikizidwe adzimbiri isanafike ku nyale, ndipo ina imatayika m'njira. Babu la halogen silipirira zimenezi: mphamvu ikatsika ndi 10 peresenti, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Makanika wodziwa zamagetsi amayeza mavoti pa babu injini ikulira, amatsuka waya wa ethi, ndipo akaona kuti mphamvu ikutayika amaika relay ndi fyuzi, kuti nyale zizilandira mphamvu molunjika kuchokera ku batire. Mababu a mawati 100 asiyeni. Amatenthetsa mawaya opangidwira mawati 60 mpaka kusungunula soketi.

Kulunjika kwa nyale nakonso anthu amakunyalanyaza, chonsecho kuyeza kwake n'kwaulere. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pakhoma, usiku, muyatse dimu. Mzere wa pamwamba pa kuwala uyenera kukhala pafupifupi masentimita 10 m'munsi mwa msinkhu wa nyale, ndipo uzikwera pang'ono kumanzere, mbali ya oyenda pansi. Kumbukirani kuti matumba a chimanga akadzaza kumbuyo, mphuno ya galimoto imadzuka, dimu n'kusanduka fulu. Amene ali ndi Land Rover kapena Hilux ya nyale zozungulira ndipo akufunabe LED, agule nyale yathunthu yokhala ndi chilembo cha E m'kati mwa kabwalo, chizindikiro chakuti inayesedwa, komanso yopangidwira mayiko oyendetsa kumanzere monga kuno.

Magetsi aataliatali amene ena amamanga pabampala kapena padenga ndi a m'tchire ndi m'minda. Pamsewu wa anthu onse azikhala ozimitsa, ndipo ndi bwino kuti a bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA ndi apolisi apamsewu aziyang'ana zimenezi monga mmene amayang'anira matayala. Inu madalaivala, mukaona nyale kutsogolo, ngakhale ikhale ya njinga, bwererani ku dimu ndipo chepetsani liwiro. Eni ngolo ndi njinga, zomata zonyezimira zimapezeka m'masitolo a ku Chipata; matani zofiira kumbuyo musananyamuke.